Munthu Womvera ndi Mano

Bambo Onésime Bréchard ndinawadziwa m'chaka chachiwiri chomanga nsanja yachitsulo ya pabwalo la Champ de Mars. Mwamuna wanga anali atamwalira kumene, ndipo ndinapeza ntchito m'kantini ya amisiri, pansanjika yoyamba, yosenda mbatatesi ndi kugawa supu. Sindine munthu wa nkhani. Ndinkangogawa, maso ali pa anthu.

Kwawo kunali kuchigawo cha Nièvre. Anali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi, ndipo makumi atatu mwa zakazo anathera pa milatho ya njanji, akukhoma misomali yotentha. Misomali imeneyi ndi yonenepa ngati chala chachikulu. Msomali amauwotcha mpaka kufiira, kuulowetsa m'bowo, wina n'kuugwira kumbuyo, wina n'kuumenya mpaka mutu upangike. Ukazirala umakoka zitsulo ziwiri n'kuzimanga pamodzi. Koma wina umazirala usanakhazikike, ndipo ndi maso sungaudziwe. Mapewa a a Bréchard atatopa, anawapatsa ntchito yoyenda pambuyo pa magulu okhoma, ali ndi kahamala ndi choko, kugogoda mutu uliwonse n'kumvetsera. Wolimba umalira ngwee. Wogwedera umayankha ngati mbale yong'aluka. Akaupeza ankaulemba mtanda, gulu liudule, likhome wina.

Tsiku lina, mutu wanga uli mumphika, ndinawafunsa kuti, “Buledi ndiwonjezere, bambo?”

“Eetu, kukuzizira ndithu,” anayankha.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuwaonetsetsa. Ankakhala msana kukhoma, akuyang'ana pakamwa pa wolankhula. Nthabwala ikanenedwa, iwo ankaseka anzawo atayamba kale.

Masana ena anatsala okha pabenchi anzawo onse atakwera kubwerera kuntchito.

“Mayi Aubry, wezulo walira?”

“Kalekale, bambo.”

Anandiyang'ana milomo, kenaka anayang'ana pakhomo. “Musauze munthu, chonde. Khutu lakumanzereli linafera pamlatho zaka zapitazo. Linali latsala ili, koma chiyambire Okutobala zili ngati mutu ndauviika mundowa.”

“Nanga ntchito mukugwira bwanji?”

“Ndi chala. Ndimachiika pamutu wa msomali, n'kugogoda m'mbali. Wogwedera umanjenjemera.”

Anandiuza za akazi awo, a Eulalie, amene miyendo yawo inafa zaka zinayi m'mbuyomo. Ankakhala m'kachipinda kamodzi kudera la Grenelle, pafupi ndi nsanja. M'mawa ankawasambitsa ndi kuwakhazika pawindo, madzulo n'kuwaphikira. Ana analibe. “Akandichotsa pano, ndani angalembe nkhalamba yogontha? Chipinda atilanda, Eulalie amutengera ku nyumba ya osauka. Kumeneko amuna kwawo, akazi kwawo. Ndani akamtembenuze?”

Chimene ndinatha n'chakuti wezulo akalira ndinkakweza chipande m'mwamba, iwo n'kunyamuka limodzi ndi anzawo.

Disembala anabwera ndi chisanu choopsa. Ntchito inali itapitirira nsanjika yachiwiri, kumene mphepo imaboola malaya. Zala za a Bréchard zinkachita dzanzi dzuwa lisanakwere, osamvanso kanthu. Sanali munthu wolambalala msomali asanautsimikize, choncho uliwonse umene anaukayikira ankaulemba mtanda. Mitanda inachuluka. Magulu anayamba kudula misomali yabwinobwino, manja akuuma ndi chisanu.

Amene anapsa mtima kwambiri anali Gaspard Thirion, mkulu wa gulu lina, munthu wa mawu ngati ng'ombe.

“Madala,” anatero m'kantini, “choko chanucho amakupatsani ndi ngolo? Dzulo mitanda khumi ndi iwiri pa mzere wanga wokha! Tikumanga nsanja kapena manda?”

Anthu anaseka. A Bréchard anali atawerenga milomo yake. “Khoma bwino, mwana iwe, manda achepa.”

Koma anatuluka supu asanamalize.

Sabata yotsatira mitanda inachepa mwadzidzidzi, ndipo iwo anabwera kudzadya milomo ili yong'ambika, magazi ataumira m'ndevu. Supu yotentha sankatha kumwa. Ndinayamba kumawapatulira mbale yawo msanga kuti izizire. Nditawafunsa ndi maso, anatsegula jekete n'kundionetsa kachitsulo kotalika ngati pensulo.

“Ndimakaluma, nsonga n'kuigunditsa pamsomali. Ndikagogoda, kulira kumakwera m'mano mpaka m'mutu. Ndikumva bwino kuposa kale, mayi. Koma chitsulo chozizira chimamata, chikamachoka chimatenga ndi khungu.”

Ankachita zimenezi atagwada, atatembenukira kumbali, ngati akubisala mphepo. Dzino limodzi linathyoka pa Khirisimasi, lina mu Januwale.

Thirion anali atawaona. Tsiku lina tikudya, anatseka pakamwa ndi chipewa n'kufuula, “A Onésime! Ndevu zanu zikuyaka moto!”

Iwo anapitiriza kunyowetsa buledi m'supu. Atakweza mutu anapeza maso makumi angapo ali pa iwo, ndipo anamwetulira, poganiza kuti pali nthabwala.

M'mawa mwake kapitawo, a Lemarchand, anawaitanira pansanjika yathu, pafupi ndi khomo la kantini. Panali chitsulo chachitali cha misomali makumi anayi, ndipo amisiri anasonkhana mozungulira. Ine ndinaima ndi mpeni wosendera m'manja.

“Muli yogwedera itatu m'menemu,” anatero kapitawo, akulankhula pang'onopang'ono. “Ipezeni.”

A Bréchard anayang'ana anthu aja. Kenaka anatulutsa kachitsulo kawo pamaso pa onse, anakaluma, nagwada. Wina anaseka n'kuti, “Agogo ayamba kudya nsanja,” koma palibe anamuthandiza kuseka. Gogodo, gogodo, akukwawa ndi mawondo pa chitsulo chozizira. Mtanda woyamba. Wachiwiri. Magazi anayamba kudontha pachibwano. Wachitatu. Sanaime. Chakumapeto analemba wachinayi.

“Umenewo ndi wabwino,” anatero Thirion. “Ndinakhoma ndekha.”

Kapitawo anaugogoda, anapendeketsa mutu, n'kuugogodanso. “Ukugwedera.”

Thirion anakanda m'mutu. “Nkhalamba iyi ndi mfiti.”

Mtima wanga unayamba kutsika. A Bréchard anali akadali chogwada, akumalizitsa iwiri yotsala. Pamenepo kapitawo anazungulira kumbuyo kwawo, nakuwa mfuu imene aliyense pansanjapo ankaidziwa, ya chinthu chikamagwa kuchokera kumwamba: “Mitu! Mitu pansi!”

Amuna onse anadziponya pansi pa zitsulo. Inenso ndinapezeka ndili m'kati mwa khomo, mpeni utagwa. Pabwalo panatsala munthu mmodzi, msana uli poyera, akugogoda msomali womaliza.

Atatembenuka n'kuona anthu akudzuka, anamvetsa.

“Misomali mukuimva kuposa tonsefe,” anatero kapitawo, atawayandikira kumaso. “Koma hamala ikapulumuka kumwamba, simudzaimva ndi mano. Sindikufuna kukanyamula mtembo wanu.”

“Miyezi iwiri yokha, bwana. Nsanjayi itha. Ndiziyang'ana kumwamba, ndikulonjeza.”

“Mukayang'ana kumwamba, msomali auyang'ane ndani?”

“Ndiikeni pansi ndiye. Ndizisesa. Ndizinyamula makala.” Anali asanadzuke, ndipo anagwira mwendo wa buluku la kapitawo. “Ndili ndi mkazi wosayenda, bwana.”

Thirion analowererapo, mawu atachepa. “Bwana, ine ndimangofuna awachotsere choko, osati ntchito. Abwere m'gulu langa. Ndizikhala makutu awo.”

“Iwe amene sumva msomali wako womwe?” Kapitawo anawadzutsa a Bréchard ndi manja awiri, nawapukuta chibwano ndi mpango wake. “Pansi ndi pamene zinthu zimagwera, madala. Pepani.”

A Bréchard anayenda m'mafakitale onse a ku Grenelle ndi ku Javel kufunafuna ntchito. Pachipata ankawafunsa dzina, iwo n'kuyankha zaka, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndinkawapititsira zotsala za m'kantini Lamulungu lililonse. A Eulalie anali mayi wamng'ono thupi, woseka msanga. Ankalankhula nawo amuna awo atawagwira nkhope ndi manja onse awiri.

M'chipinda muja anawatulutsa kumapeto kwa Marichi, tsiku lomwe anakweza mbendera pamwamba pa nsanja. Sindinapite ku chikondwerero. A Bréchard anabwereka ngolo yamanja, tinayalamo matiresi, n'kuwagoneka a Eulalie. Ine ndinasenza mtolo wa zovala. Nyumba ya osauka inali itavomera mkazi yekha, chifukwa mwamuna, ati, akadali ndi mphamvu.

Tili pakati pa msewu, mizinga ya chikondwerero inayamba kulira. A Eulalie anadzidzimuka n'kugwira m'mbali mwa ngolo. Amuna awo anaimitsa msanga, nawerama.

“Chavuta n'chiyani? Ndakugunditsa pamwala?”

A Eulalie anawagwira nkhope. “Palibe, Onésime. Tiye, koma pang'onopang'ono.”