Mphasa ya anaMiti

Amene ankagula mphasa pamsika wa ku Chipata zaka zapitazi angawakumbukire a Jairos Sakala, bambo wamtali wowerama pang'ono, amene ankabwera Loweruka atamangirira mphasa panjinga. Sankaitanira malonda. Ankangoyala imodzi pansi n'kukhalapo, wofuna kugula aone yekha.

Kwawo n'kuseri kwa mapiri, kumene kamtsinje kamayenda pa miyala yoyera ija anthu amawotcha kuti apeze laimu wopaka nyumba. Kamtsinje kameneko kali ndi khalidwe lake. Dzinja kamasefukira n'kudzaza dambo lonse, koma chilimwe madzi amalowa pansi pa miyala n'kukatulukira kumunsi, pa kasupe. A Jairos anakula chomera chilichonse cha m'dambomo chikadali pamalo pake. Kumtunda, kumene madzi amangofika n'kubwerera, kunali misangu. Ukatsika unkapeza mikuyu ndi katope zitagwira gombe, kenako nsenjere zotalika kuposa munthu, mlulu m'matope, ndipo bango linkamera m'madzi mwenimwenimo.

Bangolo ndi limene linawalera. Amalume awo anawaphunzitsa kuti bango sadula ngayaye zake zisanaume, chifukwa laliwisi limafota, mphasa n'kukhala ndi mipata. Ankadula nyengo yozizira, kuling'amba, kulipala, kuliviika m'madzi, kenako kusoka ndi chingwe cha khonje. Ndipo m'mudzimo aliyense ankadziwa kuti bango limene mwini wake walisiya mpaka mphepo ya Ogasiti ndiye kuti sakulifuna. Wofuna kutentha ankatentha osafunsa.

Atakwatira a Sesiliya, amene iwo ankangowatchula kuti anaMiti, mphasa yoyamba ya m'nyumbamo anasoka okha. Ana awo anakwawira pa mphasa zawo. Awiri amene anamwalira ali aang'ono anapita atakulungidwa m'mphasa za manja omwewo. Anatsala mwana mmodzi, Sankhani.

Kenako tomato anayamba kuyenda malonda m'tauni. Anthu anagawana dambo, anadula katope, anazula nsenjere, n'kukumba mizere mpaka m'mphepete mwa madzi. A Jairos sanakangane ndi munthu, poti adzukulu awo omwe ankadyera dimba la Sankhani. Bango linachepa chaka ndi chaka mpaka linatsala pamalo pamodzi pokha, pa kasupe, kumalire a dimba la mwana wawoyo. Linali longokwanira mphasa imodzi yabwino.

AnaMiti anali munthu wanthabwala, wonena zinthu zolemera akuseka. Tsiku lina akutongola chimanga pakhonde anati, "Inu atate ake Sankhani, tsiku langa likadzafika musadzandigoneke pa zapulasitiki za m'tauni zija. Zimanunkha ngati matayala. Ndikufuna ya pa kasupe, yosoka inu."

"Mukuganiza kuti mudzatsogola ndinu? Ndi kadyedwe kanuka?"

"Ine ndanena. Mukadzanamizira maso kuti sakuona singano, ndidzakumvani ndili konko."

Anaseka onse awiri, nkhani n'kuthera pakhonde pomwepo. Sanauze aliyense, ngakhale Sankhani.

Chaka chathachi, anthu akukolola, anaMiti anayamba kudandaula m'mimba. Anapita nawo kuchipatala ku Chipata, anagonekedwa, anabwerako ndi mankhwala, koma thupi linkangotha. Pofika Julayi sankatulukanso panja popanda wowagwira.

Bango la pa kasupe linali litakhwima bwino. A Jairos ankapitako m'mawa uliwonse chikwanje chili m'manja. Ankaligwira, kulipinda, kumva kuti lauma, kenako n'kubwerera chimanjamanja. Kusoka mphasa ya maliro munthu akadali kupuma ndi kumuitanira imfa, ndipo m'mudzi mukanamveka kuti nkhalamba yatopa ndi kudwazika. Koma sanali anthu okha amene ankawaopa. Kwa iwo, kudula bango lija kunali kuvomera kuti anaMiti sadzadzukanso.

"Mwadula?" anaMiti anafunsa madzulo ena, a Jairos akuwamwetsa phala.

"Silinakhwime."

"Mkazi wa Sankhani akuti ngayaye zinauma kalekale. Mwayamba liti bodza, a Sakala?"

"Mukachira tikadulira limodzi. Mudzandisenzera mtolo ngati kale."

AnaMiti anameza phala, kenako anati, "Phala ili lilibe mchere." Sanafunsenso.

Mphepo ya Ogasiti inafika bango likadali chiimire. Sankhani anaona kuti atate ake alisiya, ndipo ankafuna malo a chinyezi oti abzale ndiwo zamasamba zoti amake azidya. Anachita zimene aliyense akanachita. A Jairos anaona utsi ali pakhonde. Anathamanga mmene anathera, koma bango louma silichedwa kupsa. Anapeza phulusa lokhalokha, miyala yoyera ija itada bii, Sankhani ataima ndi nthambi yozimira moto.

"Atate, mesa mwalisiya? Ndimayesa maso akuvutani."

A Jairos anakhala pansi paphulusa lofundalo. Atamuuza za pakhonde paja, Sankhani anaponya nthambi n'kugwira mutu.

"Munalekeranji kundiuza?"

"Ndikanakuuza kuti chiyani? Kuti ndikudikira amako?"

A Jairos ndi Sankhani sanawauze anaMiti za moto. Mwina mayiwo anamva fungo la utsi m'malaya mwa amuna awo, chifukwa tsiku limenelo anangowagwira dzanja. Anamwalira mu Seputembala, misangu ikadali yobiriwira.

Tsiku loika maliro, okumba manda anatumiza mawu kuti akufuna mphasa yoyala pansi pa bokosi. Sankhani anati akwera njinga akagule m'tauni. A Jairos anakana ndi mutu. Analowa kuchipinda n'kutulutsa mphasa imene iwo ndi anaMiti ankagonapo, imene anasoka kale ndi bango la pa kasupe, bango likadali lambiri m'dambo. Inali yosalala chifukwa cha kugonedwa, yothothoka kumapazi. Anakhala pansi pakati pa anthu olira, anapota khonje pantchafu, n'kusoka mothothokamo, akufufuza ndi zala poti maso anali odzaza misozi. Palibe anawafulumizitsa.

Mlongo wawo anawanong'oneza kuti, "Achimwene, nanga inu muzigona pati?"

"Ndi ya pa kasupe iyi," anayankha. "Anati ya pa kasupe."

Kuyambira pamenepo a Jairos amagona pa masaka a feteleza. Mkazi wa Sankhani anawagulira mphasa yapulasitiki, koma ili chipindire kuseri kwa chitseko. Kumsika anasiya kupita.

Sankhani sanabzale kanthu pa kasupe paja. Mvula yoyamba itagwa, timabango tinatuluka m'phulusa, iye n'kutchingira ndi minga kuti mbuzi zisadye. Atate ake amapitako m'mawa uliwonse ndi ndodo, n'kukhala pamwala woyera kumayang'ana. Akuti likakhwima adzadula tsiku lomwelo, osadikira, ndipo adzasoka mphasa imodzi. Kuti ndi ya ndani sanena, ndipo Sankhani safunsa.