Mmene Ndinadyetsera Ayu M'chiindoneziya

Ndikukumbukira fuleti yathu ya ku Bin Mahmoud, mumzinda wa Doha, nthawi ya korona, esi yoziziritsa m'nyumba ikulira ngati minibasi yokwera chitunda, nyumba yonse ikununkha sanitaiza moti ngakhale tiyi ankamveka chipatala mkamwa. Ndinali ndi zaka folotini. Sukulu inali ya pakompyuta, kutanthauza kuti kumtunda ndinkavala shati ya yunifomu, kumunsi kabudula wogonera, kamera n'kuithimitsa ati netiweki yavuta. Madala anapita ku Lilongwe kumaliro, kubwerera n'kukanika chifukwa cha malamulo olowera m'dziko muno. Masteni ndi namwino, ndiye ankatuluka m'mawa n'kubwera atatopa ngati asenza chipatala chonse pamutu. Ine ndinali mfumu ya fuleti. Firiji inkandidziwa ndi dzina.

Ufumuwo unatha tsiku limene masteni analowa atagwira kamwana kakakazi padzanja, kachikwama kapinki kali kumsana.

"Limbani, uyu ndi Ayu, mwana wa Anti Rini. Akhala nafe."

Anti Rini ndinkawadziwa. Ndi mnzawo wa masteni kuntchito, namwino wa ku Indonesia, ankakhala fulo yapamwamba pathu. Anawapeza ndi korona ali pa shifiti, n'kuwagoneka pompo. Mwanayo anamuyeza, analibe. Bambo ake ankagwira ntchito ya gasi kumpoto, kampu yawo itatsekedwa, osatulukamo ngakhale mphaka. Mayi amene ankamulera masana anali atangochoka, chifukwa lamulo linali litasintha kumene, munthu utha kusiya bwana wako n'kupita kwina osamugwadira kaye kuti akulole. Mayiwo anapeza ntchito yabwinopo kuhotela, ndipo sindikuwanena. Koma wotsala padziko lonse lapansi anali ndani? Ine.

Ayu anali ndi zaka zinayi. Anakulira kwa agogo ake ku Java, ku Doha kuno anali atangofika. Chingerezi ziro, Chiarabu ziro, Chichewa ndiye tisanene. Sankalira, sankavuta. Ankangotenga kachidole kake n'kumakayendetsa m'mbali mwa khoma, kuchoka pawindo la pabalaza, kudutsa mukolido, kukafika pachitseko. Akafika ankagwira chogwirira cha chitsekocho, n'kubwerera. Tsiku lonse ulendo wake unali umenewo.

Vuto linali limodzi. Mwanayo sankadya.

Poyamba tinati manyazi. Kenako tinati wasowa mayi ake, mawa adya. Mawa linafika, iye n'kumangomwa madzi ndi kunyambita kona ya bisiketi. Masteni anayesa zonse, phala, tchipisi, nkhuku, mazira amtundu uliwonse umene nkhuku ingaikire. Mpaka anakwera kwa Anti Rini kukatenga sosi wawo wakuda wotsekemera uja kuti mpunga uzimveka kwawo. Ndipo ankachita mwadongosolo lake la kwathu: kumusambitsa m'manja, kumukhazika pampando ndi mapilo awiri kuti afike patebulo, kupemphera, mbale patsogolo. M'nyumba mwathu lamulo lalikulu kuposa onse ndi lakuti munthu amadya atakhala pansi. Wodya choimirira ndi ng'ombe, amatero masteni, ndipo ine ndinaitanidwapo ng'ombe kokwanira kudzaza khola la boma.

Ayu ankayang'ana mbaleyo ngati yamutukwana, n'kunena timawu tiwiri, "Nggak mau." Kenako tsetsereku pampando, kubwerera kukhoma.

Kufunsa mayi ake sikunkatheka. Anti Rini anali pa okosijeni, pa vidiyo ankangokweza dzanja n'kumwetulira ndi maso. Masteni anandichenjeza kuti ndisayerekeze kuwauza. "Munthu akuvutika kupuma, timusenzetse zinanso?"

M'mawa wina asanapite kuntchito, masteni anagwada, n'kuyang'ana Ayu m'maso ndi mkamwa monga amachitira anamwino. Anaimirira nkhope itasintha.

"Ndikamupeza madzulo asanadye, tipita naye akamuike diripi. Ndipo tikatero Rini tiyenera kumuuza." Anakoka masiki n'kundiloza. "Yalla, fulumira, siya magemu. Yesetsa mwanawe."

Chitseko chitatsekeka ndinakhala pansi n'kuganiza ngati munthu wamkulu. Ndinapeza kuti vuto ndi chiyankhulo. Mwana ungamuuze bwanji kuti adye iye asakukumva? Ndinatenga foni n'kusaka mavidiyo a oyamba kumene kuphunzira Chiindoneziya. Panatuluka bambo wina wamagalasi, womwetulira ngati akutsatsa mankhwala otsukira mano. Phunziro lake loyamba linali lakuti kwawoko mneni sasintha, kaya wochitayo ndi ndani. Saya makan, ine ndikudya. Kamu makan, iwe ukudya. Dia makan, iye akudya. Kita makan, tonse tikudya. Makan yemweyo, osagwedezeka, ngati mlonda wa pageti.

Aise, misozi inalengeza. Zaka zonsezi aphunzitsi a Chingerezi akundithira inki yofiira chifukwa cha ka s kamodzi koiwalika pa he ndi she, kumeneku kuli dziko lathunthu la anthu okhala mwamtendere opanda ka s. Ndiye taganizani Chichewa chathu. Mneni wathu amasintha chipewa aliyense akafika: ndikudya, ukudya, tikudya, mbuzi ikudya, chinyama chikudya, kamwana kakudya. Ife sitizindikira chifukwa tinayamwira, koma mlendo atha kukomoka. Kwa anzathuwa mwininkhani amangobwera n'kuima kutsogolo, mneni ali phee. Ngakhale nthawi siimusuntha. Ukafuna kunena kuti wadya kale umangoponyapo sudah, ukafuna kuti sunadyebe umati belum. Vidiyo isanathe ndinali pulofesa. Ndinkaona kuti mawa lake boma la Indonesia lindiimbira foni kundipempha ndikhale kazembe.

Ndinaphika mpunga, kukazinga dzira, kuthira sosi uja. Ndinamusambitsa Ayu m'manja, kumukweza pamapilo ake, n'kuima patsogolo pake.

"Saya makan," ndinadziguguda pachifuwa. "Kamu makan," ndinamuloza. "Dia makan," ndinaloza chidole. Kenako ndinatambasula manja ngati abusa pa Sabata la zokolola. "Kita makan!"

Ayu anandiyang'ana. Kanali koyamba kundiyang'ana ngati munthu, osati ngati kabati. Ndinati basi, yagwira.

"Ayu nggak mau."

Foni inandiuza kuti akuti sakufuna. Ndinaonanso kuti iye za saya alibe nazo ntchito, amadzitchula dzina lake ngati nduna. Ndinabwereza ulaliki wanga wonse, mokweza, mwina sanamve bwino. Ndinauimba. Ndinauvina. Chidole ndinachidyetsa mpaka chinanenepa. Iye anadikira kuti ndimalize, n'kunena motsitsa, "Ayu mau Mama."

Mawu amenewo sanafunikire foni. Anandilasa pang'ono, sindinama. Anatsetsereka pampando n'kubwerera kukhoma kwake.

Ndinati khalas, zatha basi, diripi ndi diripi, ine ndayesa. Koma chakudya sichitayidwa, ndipo mwini lamulo anali kuntchito. Ndinanyamula mbale ya Ayu n'kuyamba kudya choyenda ngati ng'ombe yeniyeni, uku ndikubwereza ndekha, saya makan, saya makan, kuti ukazembe usandiphonye. Kolido yathu ndi yopapatiza, anthu awiri sapatukirana popanda kupepesana. Tinakumana pakati. Ine supuni ili m'mwamba, iye maso ali pachidole, akuchilankhula zake. Osandiyang'ana n'komwe, anangoyasamula. Kukamwa yasa, ngati kamwana ka mbalame.

Ndinacheuka kuti mwina akuyasamulira wina kumbuyo kwanga. Kunali khoma. Ndinalowetsa supuni, yomwe ija ndinkadyera ine, a zaumoyo atikhululukire. Anatseka pakamwa, kutafuna, n'kupitiriza ulendo wake wa kuchitseko.

Ndinauma ngati mtengo wa magetsi. Kenako nzeru zanga za Chimalawi zinabwerera, ndinati njala yamugwira tsopano, tidye ngati anthu. Ndinamunyamula mothamanga, pamapilo khazi, mbale patsogolo. "Kamu makan!"

"Nggak mau." Tsetsereku.

Apa ndi pamene ndinasiya upulofesa n'kungomutsatira. Pawindo, akuyang'ana amphaka a pa malo oimika magalimoto, kukamwa yasa. Pachitseko, atagwira chogwirira chija, yasa. Kuseri kwa sofa, yasa. Ndikachedwa ankati "Lagi," ndipo foni inati ndiye kuti wonjezera. Ndikamuyang'ana kwambiri ankatseka pakamwa, ndiye ndinaphunzira kuyang'ana kudenga ngati supuniyo si yanga. Mtunda umene ndinayenda tsiku limenelo ndikanauwongola, ndikanafika ku Madinat Khalifa, mbali ina ya mzinda uko, n'kubwerera, n'kupitanso. Miyendo inatupa. Mpaka lero nyengo ikasintha bondo lakumanzere limandikumbutsa.

Masteni anatipeza ine nditagwada kuseri kwa katani, supuni m'manja. Mpunga unali pakapeti, pasofa, pa rimoti, wina m'tsitsi mwanga.

"Limbani! N'chiyani chimenechi? Nyumba ino yasanduka khola?"

"Mami, musakuwe. Taonani kaye."

Ayu anatulukira ndi chidole chake, anadutsa pafupi nane, yasa, ine lowetsu, iye n'kumapita akutafuna. Masteni anatsitsa chikwama pang'onopang'ono.

"Wadya zochuluka bwanji?"

"Mbale seveni."

"Limbani."

"Ziwiri. Ndi nthochi."

Anangondiyang'ana.

"Theka la nthochi. Linalo ndadya ine."

Anakhala pansi pakhomo pomwepo, nsapato zili kuphazi, masiki ili kukamwa, munthu amene ankati akachoka kuntchito asakhudze kanthu asanasambe. Anayang'ana Ayu akutafuna. Kenako anati, "Nanga waimiranji? Mwana akudikira."

Madzulo omwewo tinaimba vidiyo. Anti Rini anali atapezako bwino, ankatha kulankhula mawu angapo asanapume. Ine ndinakankhira nkhope yanga pakamera. "Anti, Ayu sudah makan!" Ndipo kuti aone ndi maso, ndinadikira Ayu adutse n'kumupatsa nthochi ali paulendo.

Anti Rini anaseka mpaka kutsokomola, mpaka namwino wina anasuzumira. Atapuma anatifotokozera m'Chingerezi chawo chapang'onopang'ono kuti kwawo ndi mmene amadyera ana. Dzuwa likapendeka, m'kanjira ka kwa agogo ake a Ayu mumadzaza amayi ndi agogo atanyamula timbale, aliyense akutsatira wake. Mwana akuonera nkhuku ndi njinga zamoto, supuni ikumupeza komweko. Ayu chibadwire anali asanadyepo yekha patebulo.

"Sanakuvutitseni?" anafunsa.

Ine ndi masteni tinayang'anana.

"Mafi mushkila, palibe vuto," anatero masteni, nkhope ili gwa. "Mwana wosavuta ngati uyu sindinamuonepo."

Ndiye m'nyumba muno amati wabodza ndine.

Ayu analanda foni n'kuibweretsa pamphuno pake. "Mama sudah makan?" Anti Rini anazengereza, n'kuvomera kuti belum. Tileyi ya chipatala inkaoneka pambali pawo, yosakhudzidwa. Ayu anatenga supuni m'mbale, n'kuikankhira pagalasi la foni yanga, mpunga, sosi ndi zonse. Anti Rini anakoka tileyi ija, n'kuyasamula kutsogolo kwa kamera, n'kudya. Ayu anatunganso ina. Ine ndinaona mpata wanga ndipo ndinati, "Kita makan." Palibe anaomba m'manja. Foniyo mpaka tsiku limene inafa inkanunkha sosi ikatentha.

Panopa zinthu zinasintha. Mamasiki tinataya, madala anabwerera, Anti Rini anachira ndipo amakwera masitepe kundiposa. Ayu ali pasukulu, amalankhula Chingerezi cha m'mphuno, ndipo ndikaiwala ka s kaja amandikonza pagulu. Amadya patebulo ndi foloko ndi mpeni ngati mkazi wa kazembe. Ndikamukumbutsa za kolido amakana, ati ndimakokomeza. Chiindoneziya changa chinaima pomwe chinaima, paphunziro loyamba. Ndikhoza kuuza munthu aliyense ku Jakarta kuti ine, iye ndi azibale ake tonse tikudya, kupitirira apo tizilankhulana ndi manja. Lamulo la ng'ombe linabwerera m'nyumba sabata yomwe Ayu anakwera kwawo, ndipo linabwerera ndi ukali.

Koma chaka chino, sabata ya mayeso omaliza, chakudya chinandikana. Ndinkangozungulira mukolido ndi buku, kuchoka pawindo kukafika pachitseko, kubwerera. Masteni anandiitana kutebulo kawiri, ndinati ndikubwera. Potembenuka pachitseko ndinangopeza masteni ataima pakati pa kolido, mbale kumanzere, supuni m'mwamba, maso ali kudenga ngati supuniyo si yawo.

"Makan," anatero. "Ndipo usawauze bambo ako."

Ndinayasamula.