Ndinabwerera ku Misuku ndi Mawu Okhaokha

Ndinaganiza zochoka ku Misuku tsiku limene ndinalandira kalata yondiitana kukagwira ntchito ku bungwe lina lothandiza alimi ku Lilongwe. Bambo anga, omwe ndi mlimi wa khofi, anandiperekeza wapansi mpaka pamsewu. Galimoto yopita ku Boma itafika anangoti, "Pita, Tumpale. Uzitiimbira."

Chimene ndinayamba kuphunzira kumeneko si ntchito ayi, koma mawu. Sabata yoyamba abwana anandiuza kuti mlimi sitimutchula mlimi, ndi benefishale. Mfumu ndi sitekiholida. Kuphunzitsa anthu ndi kapasite biludingi, ndipo wosauka ndi vanarebo. Chaka chachitatu madona, azungu otipatsa ndalama, anatopa ndi empawamenti, tonse tinasamukira ku reziliyensi. Ntchito inali yomweyo, koma malipoti onse ndinawalembanso.

Malipiro ankathera lendi ndi feteleza wa kumudzi. Muofesi munalibe womva Chisukwa, chinenero cha kwathu, ndipo Chichewa changa ankachiseka. Lamlungu lililonse amayi ankakwera kachitunda ka kuseri kwa tchalitchi, pomwe foni imagwira, kuti tilankhule.

"Kodi ntchito yakoyo kwenikweni n'chiyani?" anandifunsa tsiku lina.

"Timalimbikitsa reziliyensi m'makomyuniti, amayi."

"Chabwino. Koma ukudya?"

Patatha zaka zisanu ndi chimodzi madona anasiya kutumiza ndalama. Ngakhale kalata yondichotsa ntchito inalibe mawu oti kuchotsa. Inati pulojekiti yafika pa fezi auti. Ndinakhalabe mumzinda miyezi iwiri ndikuyenda ndi mapepala m'maofesi, kenako ndinakwera basi. Kwathu ndinanena kuti ndabwera kutchuthi. Manyazi ankandidya: mwana amene mudzi wonse unkanyadira wabwera ndi chikwama chimodzi.

Sabata yachitatu kunabwera galimoto yoyera ya bungwe lina kudzakumana ndi gulu la alimi a khofi. Wobwerayo anali mwamuna wa ku Blantyre, ndipo analibe womasulira. Azakhali anga a Namsukwa, omwe ndi wapampando wa gululo, anandikoka dzanja. "Iwe wa ku Lilongwe, tiye kutsogolo."

Mlendoyo anayamba. Anati akufuna komyuniti onashipu, ndiponso kuti pulojekitiyo ikhale sasitenebo. Anandiyang'ana kuti ndimasulire. Mawu amenewa ndinawalemba zaka zonsezi, koma m'chinenero chathu sindinapeze chonena ngakhale chimodzi. Ndinaona kuti apa ndiye ndayaluka pamaso pa anthu onse.

Bambo anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Yewo, bwana, kafunso kamodzi," anatero m'Chichewa chawo chosakaniza. "Lero tikhale vanarebo kapena reziliyenti? Chifukwa a chaka chatha ankafuna vanarebo."

Anthu anafa nacho chiseko. Mlendo uja anayesa kudzigwira, koma nayenso anaseka. Ine ndinangoti kukamwa yasa. Mawu amene ndinkaganiza kuti ndi a ife ophunzira, bambo anga ankawadziwa kalekale, ndipo ankadziwanso mtengo wake.

Chiseko chitatha azakhali anati, "Ife vuto lathu ndi mlatho. Mvula ikagwa, khofi sawoloka mtsinje, amavundira kuno. Lembani zimenezo."

Mlendoyo anatembenuza mapepala ake. "Pepani amayi, pafomu yathu palibe malo a mlatho."

Apa ndi pomwe lilime langa linamasuka. "Malo alipo, achimwene. Tsamba lachiwiri, pamene palembedwa maketi akisesi. Mlatho umalowa pamenepo."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana fomu ija. Analemba.

Pobwerera ndinayenda kumbuyo kwa bambo m'kanjira kotsetsereka ka m'munda wa nthochi. Ndinalimba mtima.

"Bambo, sindili patchuthi. Ntchito inatha."

Sanacheuke n'komwe. "Tikudziwa. Wailesi tili nayo. Ndipo wa patchuthi sabwera ndi ketulo."

"Nanga simunandifunse bwanji?"

"Amako anati tikusiye uyambe wapuma."

Ndinapuma pomwepo, mpweya umene ndinausunga m'chifuwa miyezi itatu.

Pano ndimalemba makalata a gulu lathu. Alimi amanena zimene akufuna m'Chisukwa, ine ndimaziveka jekete la kuofesi kuti zilowe pakhomo. Mlathowo sunamangidwe, koma mwezi watha kunabwera anthu awiri kudzayeza mtsinje. Azakhali anawatsogolera okha, nsapato zili m'manja, madzi akuwafika m'mawondo.