Mlandu wa Chiwaya wa Twyla Hensley

Twyla anakwatiwa ndi mlongo wanga Royce Hensley ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, atangolandira kumene chiphaso cha unamwino. Anali wamfupi, wochepa thupi, wa manja ozizira nthawi zonse. Anagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi pachipatala chaching'ono cha kwathu kuno kumapiri a Kentucky, akusamalira makamaka amuna amene malasha anawadya mapapo. Ntchitoyo anaisiya chaka chimene Royce anabwerako kachiwiri kunkhondo ya ku Iraq.

Bomba lokwirira mumsewu linamusiyira manja ndi miyendo yonse, koma mutu linausokoneza. Ankagwa khunyu, ankaiwala kuti wadya, ndipo phokoso ladzidzidzi linkamubwezera kunkhondo ali m'nyumba mwake momwe. Kwa zaka zisanu ndi zinayi Twyla ankamumeta ndevu, kumupatsa mankhwala kanayi patsiku ndi kuchapa zofunda zimene wanyowetsa. Mipeni ankaikiyira m'galimoto. Lachinayi lililonse ankayendetsa maola awiri kupita naye kuchipatala cha boma cha asilikali akale, kumene dokotala ankamuona mphindi makumi awiri n'kumubwezera m'manja mwake. Patsiku lokumbukira asilikali anthu ankagwira Royce chanza pomuthokoza. Twyla ankaima kumbuyo atamunyamulira jekete.

Tsiku limene Twyla anamangidwa ine ndinalipo. Munali mu Ogasiti, masana, tikuphika zitheba zosunga m'mabotolo. Royce anali patebulo akutithandiza kuthyola.

"Azimayi inu, zitheba zonsezi mukudyetsa gulu lankhondo liti?" anafunsa.

"Limene lakhala pampandoli," anatero Twyla. "Thyolani, asilikali, pakamwa sipathyola."

Nthawi yomweyo amisiri amene ankafolera denga la nyumba yoyandikana anayamba kukhoma ndi mfuti ya misomali.

Sindinaone mmene Royce anadzukira. Tebulo linagubuduka, mabotolo anasweka, ndipo Twyla anali chagada pansi, bondo la Royce lili pachifuwa pake, manja onse awiri ali pakhosi. Ankakalipira anthu amene sanali m'khitchinimo. Ndinamukoka malaya ndikumuuza kuti ndi Twyla ameneyu, amusiye. Anandibweza ndi chigongono pakamwa, dzino linathyoka, ndinakagwera pachitofu. Nkhope ya Twyla inkada, zidendene zake zikumenya pansi. Dzanja lake linafufuza m'magalasi osweka mpaka linapeza chiwaya chachitsulo chimene chinagwa pamodzi ndi tebulo. Anamumenya nacho kawiri. Kachiwiriko khutu linang'ambika, magazi anagwera kumaso kwa Twyla, zala zija zinamasuka.

Amisiri aja ndiwo anaitana apolisi, ndipo apolisi akwathu akabwera pandewu ya m'banja sakonda kubwerera chimanjamanja. Asanafike, Twyla anali atamanga kale mutu wa Royce ndi thaulo, iye atavala juzi lobisa khosi pakutentha konse kuja. Anandigwira mkono. Mawu ankatuluka movutika.

"Mlamu, dzinolo wathyola wekha pachitofu. Wamva? Akamutsekera m'chitokosi, chitseko chikangomenyeka kamodzi, tikamutenga ali mtembo."

Wapolisi atafunsa amene anayamba, Twyla anati, "Ndine. Anandikwiyitsa." Royce anali atakhala pansi akulira, akufunsa kuti magaziwo ndi a ndani. Apolisi anatenga Twyla. Khoti linamupatsa chaka choyang'aniridwa ali kunyumba ndi maphunziro oletsa mkwiyo Lachiwiri lililonse. Bungwe la anamwino linamudzudzula m'kalata koma chiphaso silinamulande. Pochokera kumaphunziro a mkwiyo ankadzera kukatenga mankhwala a Royce.

Patapita zaka zitatu Royce anamwalira, khunyu litamugwira m'bafa. Kumanda asilikali anawombera m'mwamba, anapinda mbendera n'kupatsa Twyla, iye n'kuipereka kwa amayi athu, a Nadine. Amayi ankadziwa za chiwaya zokha. Za khosi tinawabisira.

Twyla anali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Anabwerera kusukulu miyezi inayi, kenako anafunsira ntchito pachipatala chomwe chija cha asilikali akale. Pafomu, pamalo a zaka zisanu ndi zinayi zija, panafunika dzina la womulemba ntchito. Analemba kuti "kunyumba". Za mlandu analembanso yekha, sanabise. Pomufunsa mafunso, mkulu wa anamwino anafuna kudziwa mmene angadzutsire msilikali amene wagona. Twyla anati amaima kumiyendo, n'kumutchula dzina, n'kumugwira chala chakuphazi, chifukwa womugwira paphewa amatha kuthyoledwa nsagwada. Mkuluyo anamuuza kuti ntchito ndi yake ngati ofufuza mbiri avomereza, ndipo anamudinda zala.

Kalata ya ofufuza inabwera patatha mwezi. Inati mayi amene anamenya msilikali wolumala wa m'nyumba mwake abwere adzafotokoze pasanathe masiku khumi, apo ayi malowo apatsa wina.

"Ukanene zoona," ndinamuuza.

"Ndikanene kuti Royce anandikanyanga pakhosi? Munthu ali m'manda sangadziyankhire."

"Ali m'manda sadyanso. Iwe udya chiyani?"

Patsiku lachisanu ndi chinayi anandiimbira kuti ndimuperekeze.

Wofufuzayo anali bambo Pickens, munthu wamkulu, wonenepa, msilikali wakale nayenso. Anawerenga pepala la khoti, n'kumuyang'ana Twyla pamwamba pa magalasi.

"Mayi Hensley, ndakuonani pawindo mukulimbana ndi chitseko chathu chija, chinatsala pang'ono kukugonjetsani. Ndiye inuyo munagwetsa mwamuna wa thupi lolemera mapaundi mazana awiri ndi makumi atatu chifukwa anakukwiyitsani?"

"Chiwayacho chinali cholemera, bambo."

"Cha akazi anga n'cholemeranso. Ndawakwiyitsa zaka makumi atatu, koma makutu ndidakali nawo onse." Anatseka fayilo. "Ndikuuzeni mosabisa. M'wodi imene akufuna kukuikani muli amuna makumi atatu onga malemu amuna anu. Ndi zimene zili papepalali, palibe amene angasaine kuti mulowemo. Ngati pali china, lero ndi lero."

Twyla anayamba ndi zitheba. Ananena za mfuti ya misomali, za bondo, za zala pakhosi, za mmene kuwala kunayambira kuchepa m'maso mwake. Ananena kuti anadya phala la madzimadzi milungu iwiri chifukwa sankatha kumeza, ndipo kuchipatala sanapite poopa kuti amufunsa. Anamaliza ndi kunena kuti Royce sanadziwe mpaka imfa yake, chifukwa anamuuza kuti khutulo linang'ambika atagwa khunyu.

"Alipo anaona?" anafunsa bambo Pickens.

Ndinachotsa dzino langa loikirira n'kuliika patebulo pawo.

"Bwezerani, mayi, ndakhulupirira," anatero. "Koma ndikufuna zapapepala."

Tinalemba tonse awiri, tinalumbira, tinasaina.

Ndinkayesa tikubwerera kunyumba, koma Twyla anakhotera kwa amayi. Ndinamuuza kuti mapepala aja sadzawaona, palibe chifukwa.

"Ndauza mlendo," anatero. "Amayi ake asadziwe, mlendo akudziwa?"

Tinawapeza akumwa khofi pabalaza, pafupi ndi bokosi lagalasi mmene amasungamo mbendera. Twyla anakana mpando. Anafotokoza ataimirira, mwachidule kuposa kuofesi kuja. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako kapu inauluka. Inamupeza Twyla pamwamba pa diso n'kusweka, khofi ndi magazi zinatsikira pamalaya amene anasitira kuofesi.

"Unamumenya ali moyo, lero ukumumenyanso ali m'manda kuti upeze ntchito," anatero amayi. "Mwana wanga sanagwirepo mkazi pakhosi."

"Amayi, ine ndinalipo," ndinatero.

Anandimenya khofi la kumbuyo kwa dzanja, mphete yawo inandicheka mlomo.

"Iwe khala chete. Unkamuchitira nsanje chibadwire."

Twyla anatsina bala lake ndi dzanja limodzi, linalo akutola zidutswa za kapu. Anakolopa pansi chifukwa amayi ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu ndipo amaterereka msanga. Atatero analowa kukhitchini n'kulongedza mapiritsi awo a mlungu wonse m'kabokosi ka zipinda zisanu ndi ziwiri, monga ankachitira kuyambira pamene bambo athu anamwalira. Amayi anadikira mpaka atatseka chipinda chomaliza.

"Tuluka m'nyumba mwanga, ndipo usadzapondenso muno."

M'galimoto Twyla anadzimata yekha balalo akuyang'ana pagalasi.

Chipatala chinamuimbira patatha milungu itatu. Anayamba ntchito Lolemba, m'wodi ya asilikali osokonezeka mutu, chipsera chidakali chofiira. Mlungu woyamba womwewo wodwala wina anamupotokola dzanja pomusambitsa, ndipo Twyla anabwera kwathu madzulo litatupa, akudandaula za nsapato zatsopano zimene zinkamuluma.

Amayi sanabweze mawu awo. Kutchalitchi akamuona Twyla amasamukira benchi ina. Mapiritsi awo ndimalongedza ndine tsopano, Lamlungu masana, foni ili pakhutu, Twyla akundiuza motsitsa mawu kuti loyera laling'ono ndi la m'mawa, ndipo lachikasu ndisawapatse asanadye.