Thadzi Losakwera Ndege

Ndinanyamuka ku Malowera Lachitatu m'mamawa, thadzi lili m'dengu. Loweruka kunali chinkhoswe cha Rosita, mwana wa mlongo wanga, yemwe amagwira ntchito ku Maputo. Ine ndiye nkhoswe yake, ndipo nkhoswe ya kuchikazi sipita chimanjamanja: akuchimuna akapereka tambala, ife timabweza thadzi.

Rosita anandigulira bilyeti ya ndege yonyamuka ku Tete Lachisanu masana. Pafoni anati, "Amalume, ndi makilomita opitirira chikwi, koma maola awiri sakwana." Sindinakhulupirire. Ana a m'tauni amalankhula zambiri.

Mota, njinga yamoto, ya ku Fingoe inandidya metikali mazana asanu. Tinagwa kamodzi mumchenga. Mwini wake anayamba wadzutsa mota, kenako anafunsa za nkhuku, ine pomalizira.

Ku Fingoe ndinapeza shapa, kaminibasi ka ku Tete, injini ikulira. "Kwerani bambo, tikunyamuka pompano!" anatero motorisita, woyendetsa shapayo. Ndinakhala m'menemo mpaka dzuwa kupendeka. Shapa sinadzaze, injini inazimitsidwa, tinauzidwa kuti tibwere mawa. Ndinakagona kwa mlamu wanga.

Lachinayi tinanyamukadi, metikali chikwi munthu mmodzi, dengu pamiyendo. Pambali panga panali bambo wokumba golide, nsapato zatsopano, zikhadabo zadothi. Atamva za ulendo wanga anati, "Mdala, musachedwe. Ndege siyembekezera kudzaza."

"Nanga amapindula bwanji?" ndinafunsa. Anaseka mpaka kutsokomola.

Tayala linaphulika tisanafike pa Bene. Pamenepo ndinadya pau, buledi wathu uja, ndi nthochi, thadzi linadya chimanga. Tinalowa mu Tete dzuwa likulowa, tonse tili ofiira ndi fumbi.

Lachisanu ndinafika pabwalo la ndege kudakali m'mawa. Mayi wolandira mabilyeti anasuzumira m'dengu.

"Bambo, iyi sikwera."

"Si nkhuku wamba iyi, mayi. Ndi ya chinkhoswe."

"Kaya ndi ya chiyani. Yamoyo simungalowe nayo."

"Ndiifungatira, siivuta munthu. Yachokera ku Malowera."

"Ndiye yayenda mokwanira," anatero.

Ndinaimbira Rosita. "Amalume, ku Maputo nkhuku zilipo! Ndege ikakusiyani, chinkhoswe chatha." Ndinatuluka panja n'kupereka thadzi kwa mlonda wina wachikulire. Anathokoza ngati munthu wozolowera mphatso zotere.

M'ndege ndinali nditakonzekera ulendo wautali: mtedza, mbatata, bulangeti. Anatipatsa tiyi. Ndisanamasule mfundo ya mtedza, mawu anamveka kuti tikutsika. Ndinayang'ana wotchi kawiri. Mwana uja sananame.

Loweruka m'mawa tinagula thadzi pamsika, loyera, lonenepa, lolephera kuimirira. Manyazi anandigwira. Nthawi itakwana, nkhoswe ya kuchimuna, bambo wa ku Angonia, anatulukira ndi tambala woyeranso, wolephera kuimiriranso. Tinayang'anana.

"Wanu weniweni munamusiya kuti?" ndinanong'oneza.

"Ku Tete, dzana. Kwa mlonda wa imvi."

Tinapatsana nkhuku zogulazo, amayi anaimba nthungululu, banja linamangika. Tambala wa ku Angonia ndi thadzi la ku Malowera nawonso ali pabanja, kwa mlonda, popanda nkhoswe.

Amene mukufuna kupita ku Maputo, musaope, ndi pafupi. Kutali ndi ku Tete.