Uthenga Umene Unakafikira Pamsika

Linali Lachinayi, nthawi ili leveni koloko m'mawa, pamene bambo aang'ono a Lameki anagogoda pachitseko cha nyumba yathu ya malata ku Dunoon, kuno kudziko la eni. Nthawiyo ndikuidziwa bwino chifukwa foni inali m'manja mwanga monga mwa masiku onse. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu. Ndikukumbukira kuti anali atavalabe ovolosi ya kuntchito kwawo ku Montague Gardens, ndipo kunja kunali mphepo ija ya kuno imene imagwedeza denga ngati ikufuna kulinyamula.

Sanalankhule ali chiimire. Anakoka ndowa, naivundikira pansi, nakhalapo, nandiuza kuti ndikhale pabedi. Anandifunsa ngati ndadya. Kenaka anati, "Esinati, mwana wanga, adadi ako atisiya m'mawa uno kuchipatala. Amayi ako ali komweko." Anandigwira mkono mpaka kulira koyamba kutatha.

Ndinali nditabwera kuno chaka cham'mbuyo. Mng'ono wanga Tadala, wa zaka khumi ndi ziwiri, anatsala ku Ntcheu ndi azakhali, achemwali awo a adadi, chifukwa iye sukulu inkamuyenda. Ine ndinalekezera Sitandade 6. Kuno malo a sukulu sanapezeke chifukwa mapepala anga sanali olongosoka, komanso Chingerezi ndi Chikhosa zinkandizunguza mutu. Amayi ankadzuka kusanache kukakwera takisi ya ku Milnerton kumene ankagwira ntchito ya m'nyumba, adadi nawonso n'kupita kuntchito kwawo. Ine ndinkatsala ndekha m'kachipinda kamodzi, kunja ndikuopa. Adadi ataona zimenezo anandipatsa foni yawo yakale ya galasi losweka pakona.

"Uzicheza ndi anzako akumudzi," anatero. "Usamangoyang'ana malata."

Foniyo inandilowa m'magazi. Ndinatsegula tsamba la mchezo n'kuyamba kuikapo zithunzi. Loweruka ndikapita kukathandiza amayi kusita, ndinkaima pageti la abwana awo, maluwa ali kumbuyo kwanga, n'kudzijambula. Anthu kumudzi ankaganiza kuti timakhala pamenepo, ndipo sindinawauze kuti ayi. Ndikaika chithunzi mtima sunkakhala pansi. Ndinkayang'ana ndikutsuka mbale, ndinkayang'ana ndikuchokera kumpopi madzi akutayikira m'miyendo. Anthu akalaika ambiri, kudina kuti achikonda, tsikulo ndinkaimba. Akalaika ochepa, ndinkachifufuta chithunzicho n'kuyamba kudziyang'ana pakalilole, kufunafuna chimene chalakwika pankhope panga. Panali mtsikana wina wa kwathu amene ankakhala ku Joni, wa tsitsi latsopano sabata iliyonse. Sanandilakwire kanthu, koma ndinkamuda, ndipo sindinkatha tsiku osatsegula zithunzi zake. Nyemba ndinapsereza kawirikawiri.

"Foniyo ndiye idzakukwatira," ankatero amayi akanunkhiza mphika.

Tsiku limenelo, bambo aang'ono asanatuluke, anandiuza bwinobwino mmene zinthu ziyendere. Kwathu uthenga wa maliro suponyedwa ngati mwala. Munthu wamkulu amayenda, nakafika pakhomo, nakhala pansi, naitanitsa wina woti agwirizize wofedwayo, ndiye n'kunena. Iwo anali ataimbira kale a Nkhoma, mkulu wa mpingo wa kumudzi. A Nkhoma anali kudimba, ndipo anati akasamba, atenge amayi awiri a mvano, akafike kwa azakhali cha m'ma folo koloko, Tadala ataweruka kusukulu.

"Mpaka a Nkhoma atafika, palibe wa kumudzi amene amve," anatero bambo aang'ono. "Wandimva?"

Ndinati ndamva. Ndipo ndinamvadi. Sindinganame kuti sindinamvetse.

Anatuluka kukadziwitsa abusa ndi anthu a mpingo wathu wa kuno. Ndinatsala ndekha, malata akulira ndi mphepo, jekete ya adadi ili pamsomali. Ndinakhala, ndinaimirira, ndinakhalanso. Ndinasesa pamene panali posesa kale. Kwa chaka chathunthu, chilichonse chikandipweteka kapena kundisangalatsa, manja anga ankadziwa njira imodzi yokha. Ndinapeza chithunzi cha adadi atavala suti yawo ya kutchalitchi, ndinaikapo kakandulo, n'kulemba kuti, "Muuse mumtendere adadi anga." Chala chinadina ndisanamalize kuganiza.

Chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero si kudinako. Ndi zimene zinatsatira. Foni inayamba kunjenjemera osalekeza. Pepa Esinati. Limba mtima. Mulungu akutonthoze. Anthu amene sanalaikepo chithunzi changa n'kamodzi komwe analemba. Mtsikana wa ku Joni uja analemba. Ndinkalira, komanso ndinkawerenga, ndipo penapake mkati mwanga ndinaona kuti palibe chithunzi changa chimene chinakoka anthu chotere. Ndinayamba kuyang'ana amene sanalembe. Adadi anali asanathe ngakhale maola atatu chimwalirire.

Anandipeza ndili chomwecho Abiti Yusufu, mayi wa ku Machinga amene ankakhala nyumba yoyandikana ndi yathu. Ankaluka anthu tsitsi pakhomo pawo, ndipo pakamwa pawo pankaopedwa mzere wonse. Analowa ndi fulasiki ya tiyi, mpango uli kumutu, atamva kwa bambo aang'ono.

"Mwanawe, n'chiyani chikulira ngati njuchi m'manja mwakomo?"

Ndinawaonetsa, ndikuganiza kuti aona mmene anthu akutikondera. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

"Kumudzi amva?"

"A Nkhoma apita folo koloko."

"Nanga izi akuona ndani? Azungu a ku Milnerton?"

Pamenepo m'pamene ndinazindikira chimene ndachita. Ndinafuna kufufuta, koma anandilanda foniyo, nandiuza kuti ndiwaonetse podina, nafufuta okha. Kenaka anaikulunga pakona ya chitenje chawo n'kumanga mfundo ziwiri.

"Madzi atayika kale," anatero. "Imwa tiyi. Tidikire."

Sitinadikire nthawi yaitali. Isanakwane thuu koloko bambo aang'ono anabwerera, foni yawo ili kukhutu, ndipo mawu a azakhali ankamveka mpaka pamene ndinakhala. Zimene zinachitika ndi izi. Tadala anaweruka msanga tsikulo, azakhali n'kumutuma kumsika kukagula tomato. Pamsikapo panali mtsikana wogulitsa mayunitsi amene anali mnzanga patsamba lija. Atamuona Tadala akudutsa anamuitana, nati, "Iwe, pepa wamva? Bwanji uli kuno?" Tadala anafunsa kuti pepa wa chiyani. Mtsikanayo anamulozetsa foni kumaso. Mng'ono wanga anaona adadi ake ali m'suti, kandulo ili pambali, pakati pa anthu ogula ndi ogulitsa. Anathamanga mtunda wonse akukuwa, ndipo azakhali anamva za imfa ya mlongo wawo kuchokera kwa mwana amene ankalephera ndi kupuma komwe. A Nkhoma anafika n'kupeza anthu atadzaza kale pabwalo.

"Mlongo wanga wafa ngati nkhuku ya chitopa kodi, kuti timvere kumsika?" ankakuwa azakhali. "Lameki, kumeneko kulibe akuluakulu?"

Bambo aang'ono sanandimenye. Sanandikalipire n'komwe. Anangondiyang'ana, nati, "Ine ndinakukhazika pansi, Esinati." Amayi atabwera kuchokera kuchipatala n'kumva, anakhala pabedi osavula nsapato, ndipo mawu okha amene ananena anali dzina la Tadala.

Sabata yotsatira thupi linanyamuka pagalimoto kupita kumudzi. Amayi ndi bambo aang'ono anapita nalo. Ine sindinapite chifukwa cha mapepala aja, poopa kuti sindidzaloledwa kubwerera. Ndinatsala kwa Abiti Yusufu masabata atatu, ndipo foni anaitsekera m'sutikesi mwawo.

Masiku oyamba ndinali ngati wodwala malungo. Ndinkamva foni ikunjenjemera m'thumba la siketi pamene munalibe kanthu. Ndinkadzidzimuka ndikusisita chala pachikhatho. Ndinkafuna kudziwa zimene anthu akunena za ine, ngati akundinyoza, ngati andiiwala, ndipo sindinkadziwa choopsa kwambiri pa ziwirizo. Tsiku lachitatu ndinawapempha ndikulira kuti andibwereke mphindi zisanu zokha.

"Kuti ukaone chiyani? Adadi ako alemba?"

Mawuwo anandibaya, ndipo ndinawada tsiku lonse. M'mawa mwake anandikhazika pambali pawo, nandipatsa mpukutu wa tsitsi loluka kuti ndiziwapatulira tizingwe.

"Zala zakozi zili ndi njala," anatero. "Tizipatse chochita zisanaphe wina."

Ndinayamba ndi kupatula, kenaka kumalizitsa nsonga, kenaka mzere wathunthu pamutu wa mwana wa kasitomala. Kuluka sikufuna munthu wa mtima uli kwina. Ukangoganiza zina, mzere umakhota ndipo mwini mutu amakuwa. Azimayi obwera kudzalukitsa ankandifunsa za adadi, ndipo ine ndinkayankha maso ali pamutu wa munthu. Ndinawauza mmene ankaimbira molakwitsa nyimbo za kwaya, ndi mmene ankabisira shuga m'thumba la jekete. Wina ankaseka, wina ankapukuta misozi. Tsiku lina ndinazindikira kuti dzuwa lapendeka ndisanaganizepo za foni.

Madzulo ena tikusesa tsitsi lodukaduka, Abiti Yusufu anandiuza mawu amene ndawasunga. Anati, "Anthu aja analemba pepa sanalakwe. Koma analemba ali m'takisi, ali pamzere kusitolo, n'kupitiriza zawo. Chisoni chimafuna munthu amene wasiya zake n'kubwera." Anandituma kukataya zinyalala.

Amayi atabwerera, foni inabwezedwa kwa ine. Ndinaimbira kumudzi. Azakhali anandiyankha mwaulemu wozizira, koma Tadala anakana kuigwira. Anakana mwezi umenewo, anakana pa Khirisimasi, anakana atakhoza mayeso a Sitandade 8. Ndinkamutumizira nsapato ndi majuzi kudzera kwa anthu opita kumudzi, ndipo ankavala, koma mawu ayi. Patapita zaka zinayi m'pamene ndinalongosola mapepala n'kupita kukaona manda a adadi. Tadala anali atatalika kundiposa. Tinapita kumandako awiri, osalankhulana njira yonse. Pobwerera ndinayamba kupepesa, ndikufotokoza kuti ndinali mwana, ndinali ndekha, mutu sunkagwira. Anandisiya ndimalize.

"Iwe anakukhazika pansi," anatero. "Ine ndinali ndi tomato m'manja."

Kuyambira pamenepo tinayamba kulankhulana, koma pang'onopang'ono, ngati anthu oyenda pamlatho wa mitengo.

Miyezi yapitayi kutchalitchi kwathu kunabwera atsikana awiri a ku yunivesite ndi mapepala, akufunsa achinyamata athu za mafoni: amakhalapo nthawi yaitali bwanji, amagona bwino kodi, amamva bwanji akaika chithunzi anthu osayankha. Ine sanandifunse, ndine wamkulu tsopano, ndipo zimene anapeza sindikuzidziwa. Koma ndinaona kamtsikana kena kakuyankha mafunsowo dzanja lili m'thumba, kakusisita foni, ndipo ndinadziona ndekha. Kafoni kaja sikanandipange munthu woipa. Kanandiphunzitsa kusadikira, ndipo tsiku limene kudikira kunali kofunika, ndinalibe mphamvu yake.

Amayi anatisiya chaka chatha, mwezi wa dzinja la kuno, atadwala kanthawi. Anatsirizikira m'manja mwanga, m'nyumba. Anthu atayamba kusonkhana, ndisanalire bwinobwino, ndinatenga beseni lochapira n'kuima nalo pakhomo. Aliyense wolowa, mwana kapena wamkulu, ndinamupempha kuti aikemo foni. Ena anang'ung'udza. Abiti Yusufu, amene tsopano akuyendera ndodo, anaponyamo yawo poyamba nati, "Amene akukana abwere andiuze ine." Palibe anabwera.

Tadala anakwatiwa ku Balaka, ali ndi ana awiri. Ndinaimbira apongozi ake aakazi pafoni ya bambo aang'ono, ndipo anati ali kuchigayo, atenga mnzawo, afika. Tinadikira maola anayi. Mphepo inkagwedeza malata monga tsiku lija, mafoni ankanjenjemera m'beseni, ndipo zala zanga zinkayabwa chimodzimodzi. Ndinazikhalira.

Kenaka foni ya bambo aang'ono inalira, nandipatsira. Anali Tadala, mawu atasasa.

"Achemwali," anatero, ndipo anali asanandiitanepo choncho chimwalirire adadi. "Anabwera awiri. Anandiyalira mphasa."

Tinalira limodzi mpaka mayunitsi anatha.

Masiku ano ndimaluka tsitsi pakhomo paja pamene pankakhala Abiti Yusufu. Foni ndili nayo, ndimaikapo zithunzi za masitayilo kuti makasitomala aone, ndipo ndikamagwira ntchito imakhala m'kabati. Kukagwa maliro pakati pa anthu a kwathu kuno ku Dunoon, ndimatenga beseni langa n'kukaima pakhomo mpaka uthenga utafika kumudzi ndi miyendo.