Thumba la M'kati mwa Ovolosi

Pa khonde la sitolo ya zitsulo, pakati pa mkulu wokonza maambulera ndi mayi wogulitsa makala, pankakhala mayi wina amene aliyense ankangowatchula kuti Atelala. Anapalasa makina awo pamalo pomwepo zaka makumi awiri ndi ziwiri, mpaka nsapato ya kumanja inkatha msanga kusiya inzake ikadali yatsopano. Sanali munthu wolankhulalankhula. Tsiku lonse milomo yawo inkakhala italuma mapini, ndipo wina akawafunsa maganizo awo pa zandale kapena pa ukwati wa mnansi, ankaloza pakamwa pawo, n'kupitiriza kusoka. Anthu ankati ndi nzeru. Ine ndikuti mwina anali mantha chabe, koma mantha akavala bwino amaoneka ngati ulemu.

Chaka chimene boma linalamula kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe ndi chiphaso, Atelala anali mmodzi wa ochepa amene chiphaso chawo chinali bwinobwino. Cha mayi awo kumudzi chinalakwika tsiku lobadwa. Cha wokonza maambulera chinanyowa ndi mvula n'kufufutika, chinthu chimene anthu anamuseka nacho mwezi wathunthu. Wamakala anali asanajambulitse n'komwe. Onsewa ankabwera mmodzimmodzi atapinda manja, akuti tithandizeni, n'kungolembetsa basi, foni ndi yanga ndidzaisamala ndekha. Atelala sankatha kukana. Anaima pamzere kasanu ndi kawiri, kuika chala pa kagalasi kasanu ndi kawiri, ndipo nambala zisanu ndi ziwiri zinakhala m'dzina lawo. Akuluakulu adanena kale kuti chifundo chidapha nkhwali, koma nkhwaliyo palibe anaichenjeza pa tsiku lochita chifundolo.

Nambala yomaliza inali ya mng'ono wawo, amene anamulera okha bambo awo atamwalira. Ameneyo ndiye anatenga pakamwa ponse pa banja. Ankalankhula akudya, akusamba, ngakhale m'tulo, mpaka anthu anamupatsa dzina loti Wailesi. Ankagwira ntchito ku fakitale ya zidebe za pulasitiki, ndipo mwana wake wa miyezi isanu ndi iwiri ankamusiya kwa Atelala, komwe ankagona m'katoni ya zidutswa za nsalu pafupi ndi makina. Mwanayo anali ndi chifuwa chobanika. Ku fakitale lamulo linali loti mafoni onse azisiyidwa pa geti, ndiye Wailesi ankagwira ntchito mtima uli m'mwamba, osadziwa ngati mwana akupuma bwino. Atelala ataona zimenezi anatenga ovolosi yake, n'kusoka kathumba m'kati, pansi pa mkhwapa, kokwana kafoni kakang'ono ka mabatani. Anasoka mwaluso moti alonda a pa geti ankapapasa osamva kanthu, ndipo iwo ankanyadira ntchito ya manja awoyo.

Wailesi yemweyo ndiye anawapezera ganyu yokonza maovolosi ong'ambika a ku fakitaleko. Lachiwiri lililonse masana ankapita kukatula, mwana ali kumsana. Pa geti ankaika chala pa makina, kamera ikuwayang'ana, kenako n'kupita ku kachipinda kosungira katundu, koyandikana ndi chitseko chachikulu cha kumene anthu ankagwira ntchito. Chitsekocho chinkakhala ndi loko kunja kwake nthawi yonse ya ntchito, poti mabwana ankati antchito amaba.

Lachiwiri lina akupereka maovolosi, anamva chitseko chija chikumenyedwa kuchokera m'kati. Kunali kumenya kwa manja ambiri, ndi mawu a akazi akukuwa kuti tsegulani, munthu wakomoka. Wosunga katundu sanadzutse n'komwe mutu. Anati kapitawo wapita ndi kiyi ku nkhomaliro, abwera, tiyeni timalize. Atelala anamalizadi. Anapinda thumba lawo, anamanga bwino mwana, n'kutuluka pa geti chitseko chikumenyedwabe kumbuyo kwawo. Sananene kanthu kwa aliyense.

Mayi wokomokayo anamwalira kiyi asanafike. Kampani inalengeza kuti wamwalirira kuchipatala ndi matenda ake akale. Koma madzulo a tsiku lomwelo uthenga unali utayamba kale kuyenda m'mafoni a anthu, wosasainidwa dzina, ndipo m'mawa mwake wailesi ina inauwerenga. Unkanena za utsi wa pulasitiki, za loko, ndi za mphindi makumi anayi zimene mayiyo anagona pansi anzake akumupepesera ndi makatoni. Atelala anaumva ali pa makina. Anadziwa kalankhulidweko ngati mmene ankadziwira msoko wawo: kanali ka mng'ono wawo.

Patapita sabata, nambala zonse zisanu ndi ziwiri zinafa m'mawa umodzi. Wokonza maambulera anayamba wazimitsa n'kuyatsa foni yake, kuimenya pa ntchafu, kenako wamakala anati yakenso yatero. Asanamvetse bwino, panafika wapolisi wovala zawamba, waulemu wake, n'kupempha Atelala kuti akacheze pang'ono ku ofesi.

Mu ofesimo munali tebulo, kompyuta, benchi ya anthu odikira kuseri kwa chitseko chosatsekeka bwino, ndi bambo wina wa ku kampani atakhala pambali ngati mlendo wongodutsa. Wapolisi anatulutsa mapepala. Munali zonse. Ankadziwa kuti Lamlungu lililonse amaimbira mayi awo mphindi zitatu, kuti nambala ina imagona kuseri kwa msika, kuti ina imaimbira mkazi wa mwini usana mwamuna ali kuntchito. Atelala anachita manyazi ngati awavula pagulu, ngakhale zambiri mwa zimenezo sizinali zawo.

"Mayi, makina sanama," anatero wapolisiyo. "Uthenga wabodza uja unachoka pa nambala iyi, Lachiwiri masana, dera la ku fakitale. Nambalayi ili m'dzina lanu. Ife tikudziwa kuti munangobwereketsa chiphaso, ambiri amatero. Tipatseni dzina la mwini foni pofika Lachisanu, inu muzikasoka mwamtendere. Mukapanda kutero, mlandu ndi wanu, ndipo ndi wa zaka."

Masiku atatu otsatirawo Atelala anayenda ngati wamisala. Ku kampani ya mafoni, mtsikana wa pa kauntala anayang'ana pa kompyuta, nkhope inasintha, n'kunena chapansipansi kuti nkhaniyi ili pamwamba, iye sangaikhudze. Ku wailesi kuja anawauza pa geti kuti amene anawerenga uthengawo ali pa tchuthi chosadziwika tsiku lobwerera. Loya wina wa bungwe lothandiza anthu anawamvetsera bwino, atayamba watsekera mafoni onse m'kabati ya chipinda china, koma anati ali ndi milandu yotereyi yodzaza tebulo, ndipo palibe umene wauwina. Pa khonde napo panazizira. Anthu omwe aja anabwera atapinda manja tsopano ankati Atelala awaphera mafoni, angotchula munthuyo zithe. Wokonza maambulera anasuntha benchi yake kupita ku sitolo ina. Kumudzi, mayi awo okalamba anali ndi foni yakufa m'manja, osadziwa chifukwa chake, ndipo panalibe njira yowauzira. Atelala anasowa mtengo wogwira.

Lachinayi Wailesi anabwera kudzatenga mwana ataweruka, maso ali psuu. Ku fakitale ankaitana antchito mmodzimmodzi, kuwafunsa amene amalowa ndi foni. Alonda anali atayamba kung'amba misoko ya maovolosi. Wailesi anakhala pa mpando wa makasitomala n'kunena kuti mawa apita yekha kupolisi, pakuti wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko.

Atelala analavula mapini m'dzanja. Anamufunsa kuti nanga mwanayu adzayamwa chiyani, nanga chifuwa chikadzamugwira adzamuthamangitsira ndani kuchipatala. Wailesi anati sangalole kuti munthu amene anamulera akagone pa simenti chifukwa cha pakamwa pake.

"Asisi, ndinalemba ndine. Inu simunalakwe chilichonse."

"Thumba ndinasoka ndine," anatero Atelala. "Ndipo tsiku lija ndinalipo. Chitseko ndinachimva ndi makutu angawa, ndinapinda thumba langa n'kumapita. Iwe unalankhula, ine ndinaluma mapini. Vula ovolosiyo."

Anaitembenuza, anatenga lezala, n'kumasula kathumba kaja msoko umodziumodzi mpaka pamalopo panangotsala timabowo ta singano, timene anatisita n'kutha. Kafoni kaja anakaika m'chikwama chawo. Uthenga unali utafufutidwa kale, ndiye anauza mng'ono wawo kuti awaphunzitse mawu ake onse, mmene anawalembera. Wailesi ankanena akulira, iwo akubwereza, ngati mwana wa sukulu woloweza ndakatulo. Akalakwitsa ankayambiranso. Anali ndi mantha aakulu, ndipo sanabise.

Lachisanu m'mawa anaphimba makina ndi nsalu, anapereka kwa wamakala madiresi awiri omalizidwa kuti eni ake akabwera adzatenge, n'kupita. Anaika kafoni pa tebulo la wapolisi n'kunena kuti foni ndi yawo, nambala ndi yawo, uthenga analemba okha.

Bambo wa ku kampani anaseka. Anati mayiyu si wantchito wawo, za m'kati angazidziwe bwanji, akubisa munthu ameneyu. Atelala anapempha mwaulemu kuti ayang'ane makina a pa geti, aone ngati chala chawo sichinalowe Lachiwiri lija masana. Bamboyo anaimba foni, anadikira, anamvetsera, kuseka kuja n'kuzimiririka. Chala chinalipo, nthawi yake yomweyo, ndipo kamera inawajambula ali ndi mwana kumsana.

"Munanena nokha, bwana, kuti makina sanama," anatero Atelala, akuyang'ana wapolisi uja.

Wapolisiyo ankadziwa kuti akunama, ndipo iwo ankadziwa kuti akudziwa. Koma fayilo inkafuna dzina limodzi pofika Lachisanu, ndipo dzina linali litabwera lokha ndi miyendo yake. Anakoka pepala la sitetimenti n'kunena kuti ngati analembadi ndi iwo, anene zimene analemba.

Atelala ananena. Mawu anayamba motsika, kenako anakwera okha. Ananena za utsi, za loko, za mphindi makumi anayi, mawu ndi mawu monga anaphunzitsidwira. Atafika pothera sanaime. Anawonjezera zimene munalibe mu uthenga muja: kuti manja omenya chitseko anali ambiri, kuti wosunga katundu anati tiyeni timalize, kuti kiyi anapita ku nkhomaliro. Bambo wa ku kampani anati atsitse mawu, ndipo zimenezo zisalembedwe. Wapolisi anayankha osadzutsa mutu kuti sitetimenti imalembedwa mmene wolankhula wanenera. Pa benchi ya kuseri kwa chitseko anthu anali atasiya kukambirana zawo. Zaka makumi awiri ndi ziwiri za kukhala chete zinathera m'chipinda chimenecho, pamaso pa anthu okhawo amene akanatha kuwatsekera chifukwa cholankhula, ndipo anawatsekeradi. Wapolisi wamkazi anawalanda mpango, lamba ndi mapini atatu amene anawapeza pa kolala ya diresi.

Belo anawakaniza, akuti kufufuza kukadali m'kati. Makina aja anakhala ophimbidwa pa khonde mpaka mwini sitolo anawalowetsa m'kati kuopa dzimbiri. Nambala zija sizinatsegulidwe, ndipo anthu a m'deralo anaphunzira kulankhula za nyengo basi foni ikakhala pafupi.

Lamlungu lachiwiri analola Wailesi kudzawaona. Anakhala moyang'anana pa tebulo, mlonda ataima pambali, foni yake ataiika chafufumimba pakati pawo. Atelala anali ataonda, milomo itauma, koma anayamba ndi iwo kulankhula. Anafunsa za chifuwa cha mwana. Anafunsa ngati mayi awo auzidwa, ndipo Wailesi anapukusa mutu. Kenako anafunsa chimene chinkawasowetsa tulo masiku onsewo, chimene ankafuna kumva kuti mwina simenti akugonayi ili ndi phindu.

"Nanga chitseko chija? Loko anachotsa?"

Wailesi anatsegula pakamwa. Anayang'ana mlonda, anayang'ana foni ija pa tebulo, anayang'ana mwana amene anali pa miyendo pake. Mtsikana amene palibe anamutsekapo pakamwa chibadwire, misozi ikutsika, anangotembenuza mwanayo kuti ayang'ane kwa Atelala.

"Asisi, taonani," anatero. "Wamera dzino."